Kompyuta Ikagona, Nthawi Amasunga Ndani?

(Nyimbo yotsegulira, kenaka itsike pang'onopang'ono)

WOULUTSA: Amene muli ndi laputopu, itengeni ikhale pafupi, chifukwa nkhani ya lero ndi ya iyoyo.

Chaka cha 2024 mvula itakana, madzi a ku Kariba anatsika kwambiri, ndipo magetsi ankazima maola opitirira 12 pa tsiku. Tauni yathu ino ya Kabwe inadziwa magetsi kalekale, popeza malo opangira magetsi a pa mtsinje wa Mulungushi anatsegulidwa mu 1925 kuti aziyendetsa mgodi wa Broken Hill. Koma chaka chimenecho tonse tinaphunzira kuumira ndi batire. Wophunzira wa ku Mulungushi University kapena ku Kwame Nkrumah University, mlembi wa mu ofesi, mnyamata wotayipira anthu makalata m'tauni, aliyense anazolowera chinthu chimodzi: ukaima pang'ono, tseka laputopu igone, ukafuna kupitiriza, tsegula. Chizolowezicho chilipobe mpaka lero.

Ndiye pali madandaulo amene amisiri okonza makompyuta amawamva kawirikawiri. Wina akuti, ndatsegula laputopu m'mawa, wotchi ikuonetsa nthawi ya dzulo usiku. Wina akuti, ikangodzuka imayenda mwaulesi, koma ndikaizimitsa n'kuiyatsanso imathamanga bwinobwino. Wina akuti intaneti ikukana kutsegula masamba, ikunena kuti tsiku ndi lolakwika. Winanso akuti siidzuka n'komwe, sikirini ili bii, kanyali kokha kakuphethira. Yankho limene ambiri amapatsidwa ndi limodzi: bweretsani tiifomate. Ine yankho limeneli limandipweteka mtima. Munthu amalipira ndalama, nthawi zina amataya zithunzi ndi zolemba zake, ndipo pakatha sabata vuto lija labwerera, chifukwa silinali m'mafayilo ake. Ambiri mwa mavutowa gwero lake ndi limodzi: kompyuta yadzuka, koma yasokoneza kawerengedwe ka nthawi.

Tiyambe ndi tulo take. Mu 1996 makampani a Intel, Microsoft ndi Toshiba anagwirizana pa malamulo otchedwa ACPI, ofotokoza momwe kompyuta iyenera kugonera ndi kudzukira. M'malamulomo tulo tili ndi manambala. Mu tulo ta S3 pulosesa imazimiratu, disiki imaima, sikirini imathima, koma RAM, momwe muli zonse zimene munali kuchita, imapatsidwabe kamoto pang'ono kuti isaiwale. Tulo ta S4 n'tozama: zonse za mu RAM zimakoperedwa pa disiki, kenaka makina onse amazima. Malaputopu atsopano ambiri ali ndi tulo tina topepuka, timene pulosesa imangosinza. Ife lero tikhazikika pa S3, chifukwa n'timene amagona malaputopu a salaula amene ambirife tili nawo.

Woyang'anira zonsezi ndi kernel, phata la pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina, limene limaima pakati pa zitsulo ndi mapulogalamu amene inu mumaona. Windows ili ndi kernel yake, makompyuta a Apple ali ndi yawo. Ine ndikamba kwambiri za kernel ya Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki. Musaione yachilendo, ili m'thumba mwanumo: foni iliyonse ya Android imayendera kernel ya Linux. Komanso zolemba zake n'zapoyera, kotero cholakwika chikapezeka, aliyense atha kuona kuti chinali pati ndipo anachikonza motani.

Tsono m'kompyuta simuli wotchi imodzi. Muli zingapo, ndipo ziwiri ndizo tiyenera kuzidziwa. Yoyamba ndi yaing'ono, yosafulumira, koma siigona. Amaitcha RTC. Ili pa bodi, ndipo makina akazima imadya moto wa kabatire kozungulira kaphwatalala, ka mavoti 3, kolembedwa CR2032. Imayendera kamwala ka quartz kamene kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi iliyonse. Nambala imeneyi sanangoitola. Mukaigawa pakati, n'kugawanso pakati, mpaka ka 15, mutsala ndi 1, ndiye kuti sekondi yakwana. Kamwalaka kamalondola bwino kutentha kukakhala pafupi ndi madigiri 25. Kukatentha monga masana a mu Okutobala, kapena kukazizira monga m'mawa wa mu Juni, kamachedwa pang'ono. N'chifukwa chake kompyuta imene siilowa pa intaneti imatha kuphonya ndi sekondi imodzi kapena masekondi awiri pa tsiku.

Yachiwiri ili m'pulosesa momwemo. Dzina lake ndi TSC, ndipo Intel inaiyika koyamba mu pulosesa ya Pentium mu 1993. Iyi siidziwa tsiku kapena mwezi. Imangowerenga, kuyambira pa ziro pamene makina ayatsidwa, ka mabiliyoni awiri kapena atatu pa sekondi. Kompyuta ikakhala maso kernel imadalira imeneyi, chifukwa imafunika kuyeza tinthawi tating'onoting'ono: pulogalamu iyi yagwira pulosesa mokwanira, ipatse mpata inzake, dikira pang'ono usanatumizenso uthenga, dzutsa pulogalamu yakuti pakatha masekondi 30. Malonjezo onsewa a "pakatha nthawi yakuti" amatchedwa ma timer, ndipo nthawi zonse m'makina mumakhala ma timer ambirimbiri akudikira. Vuto n'lakuti pulosesa ikazima mu tulo ta S3, TSC nayo imafa. Ikadzuka imayambiranso pa ziro.

Taganizirani munthu wakwera sitima ya usiku pa siteshoni yathu ino ya Kabwe, akupita ku Livingstone. Ali maso akutsatira ulendo bwinobwino, akudziwa kuti tadutsa pakuti, papita nthawi yakuti. Kenaka tulo tamuba. Akadzidzimuka, m'mutu mwake mulibe chomuuza ngati wagona mphindi zisanu kapena maola asanu. Chingamuthandize n'chimodzi: akhale kuti anayang'ana wotchi ya pamkono asanagone, ayang'anenso tsopano, achotsere. Kernel imachita chimodzimodzi. Itaimitsa kale mapulogalamu onse ndi zipangizo zonse, itatsala pang'ono kugona, imawerenga RTC n'kusunga nambalayo mu RAM. Mukatsegula laputopu, BIOS, kapulogalamu ka pa bodi koyatsa makina, ndiyo imayamba kudzuka, n'kupereka makina m'manja mwa kernel. Kernel isanadzutse sikirini, kiyibodi kapena Wi-Fi, imawerenganso RTC, imachotsera, n'kupeza kuti tagona, tinene, maola 7 ndi mphindi 12. Imawonjezera nthawiyo pa wotchi imene mumaona, kenaka imauza ma timer onse kuti nthawi yasuntha, aliyense aonenso lonjezo lake.

Kuuza ma timer kumeneku musakupeputse. Pa 1 Julayi 2012, nthawi ya kwathu kuno ili 01:59, dziko lonse linawonjezera sekondi imodzi pa mawotchi kuti agwirizane ndi kuzungulira kwa dziko lapansi. Kernel ya Linux inasuntha wotchi koma sinauze ma timer. Iwo anayamba kulira nthawi isanakwane, mapulogalamu n'kumangodzuka mobwerezabwereza, ndipo makompyuta akuluakulu a Reddit ndi Mozilla anatsamwa usiku womwewo. Sekondi imodzi yokha.

Podzuka napo pali pogwera pambiri. RTC imawerenga masekondi athunthu okha, theka la sekondi siilidziwa. Choncho pa kugona ndi kudzuka kulikonse pakhoza kulowa cholakwika chofika sekondi imodzi. Kompyuta ya pa desiki imene imagona kamodzi pa tsiku, palibe angazindikire. Koma foni imagona ndi kudzuka kambirimbiri ili m'thumba, ndipo timasekondi timeneti tikaunjikana wotchi imathawa. Olemba kernel anachita kuikamo masamu apadera okumbukira kusiyana kwa mawotchi awiriwa, kuti cholakwika cha lero chisasanjikane pa cha dzulo. Nanga RTC yeniyeniyo ikasokonekera? Izi zimachitika makamaka mu tulo ta S4, batire lalikulu litatheratu, kabatire kaja nako katafooka. RTC imabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo kuchotsera kumapereka yankho losatheka, lakuti tadzuka tisanagone. Kernel ikaona zotero siiwonjezera kalikonse, ndipo inu mumapeza wotchi ili pomwe munaisiya dzulo.

(Nyimbo yaifupi)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za zimene zimasokoneza nthawi m'kompyuta ikadzuka ku tulo. Ndikuuzeni nkhani ziwiri zenizeni za m'mbiri ya Linux.

Mu 2010 anthu ena okhala ndi malaputopu a Core i5, amene panthawiyo anali atsopano, anaona kuti makina awo akadzuka, ntchito zolemera zinkatenga nthawi yaitali kuposa asanagone. Palibe chinkafa, palibe uthenga wochenjeza, koma ulesi basi. Suresh Siddha, injiniya wa ku Intel, anatsata vutoli mpaka pa gwero. Pulosesa ya Core i5 ili ndi ma core angapo, zigawo zogwira ntchito pachokhapachokha, ndipo mu kernel muli wogawa ntchito pakati pa zigawozo. Wogawayu amasunga nthawi imene anayeza komaliza. Akafuna kudziwa mphamvu imene core ili nayo, amatenga nthawi ya tsopano n'kuchotsapo ija yosunga. Makina atadzuka, TSC itabwerera pa ziro, nthawi ya tsopano inakhala yaing'ono kuposa ya kale.

Apa tcherani khutu, chifukwa zolakwika zambiri za nthawi zimabadwira pamenepa. Chowerengera cha mtundu umenewu sichidziwa nambala yochepera pa ziro. Tiyerekeze kuti chili ndi malo atatu okha, kuyambira 000 kufika 999. Mukachotsa 1 pa 000, sichinena kuti kwaperewera 1, chimazungulira n'kuonetsa 999. Cha mu kernel chili ndi malo ambiri zedi, ndiye yankho linatuluka chinambala chachikulu chopanda tanthauzo. Wogawa ntchito anachikhulupirira, nayamba kuunjika ntchito kwina pamene ma core ena ali chikhalire. Kukonza kwake kunali mizere yochepa chabe. Kernel isanagone isunge pamene wotchi ya wogawa ntchito yafika, ndipo ikadzuka iwerengere chowonjezera chatsopano pa TSC, kuti wotchiyo ipitirire pomwe inalekera osabwerera m'mbuyo. Kukonzaku kunalowa mu Linux 2.6.36. Siddha analembanso kuti pa makina ena BIOS siibwezera TSC pa ziro, imaiyika pa nambala ina yaikulu yongotola. Ndiye kuti malaputopu awiri a pulosesa yofanana akhoza kudzuka mosiyana. Mfundo imeneyi muisunge.

Nkhani yachiwiri ndiyo ndimaikonda kwambiri, chifukwa m'menemo munalibe masamu olakwika. Munali mafunso awiri amene anthufe timawasakaniza. Kufunsa kuti nthawi ili bwanji n'kwina, kufunsa kuti papita nthawi yaitali bwanji n'kwinanso. Linux imapatsa olemba mapulogalamu mawotchi osiyana oyankha mafunsowa. CLOCK_REALTIME ndi ya kalendala, imawerenga masekondi kuchokera pa 1 Januwale 1970, ndipo inu kapena intaneti mutha kuikankhira kutsogolo kapena m'mbuyo. CLOCK_MONOTONIC siibwerera m'mbuyo zivute zitani, koma kompyuta ikagona iyo imaima. Mu 2011, mu Linux 2.6.39, John Stultz anawonjezera yachitatu, CLOCK_BOOTTIME, yosabwereranso m'mbuyo koma yowerengera ndi nthawi ya tulo yomwe.

Iliyonse ili ndi ntchito yake. Mukalowa pa Wi-Fi, kompyuta yanu imabwerekedwa adiresi kwa nthawi yoikika. Kaya igone kaya ikhale maso, nthawi ya ngongoleyo ikutha, ndiye pulogalamu yosunga adiresi iyenera kuwerengera tulo. Ikapanda kutero imadzuka n'kumagwiritsa adiresi imene inapatsidwa kale wina, inu n'kumadabwa kuti intaneti yafa. Koma pali ntchito zina zimene kuwerengera tulo n'kulakwa, ndipo zimenezi zinaonekera poyera mu 2018.

Mu Malichi chaka chimenecho Thomas Gleixner wa ku Germany, mmodzi wa akuluakulu oyang'anira za nthawi mu kernel, analemba zosintha zoti CLOCK_MONOTONIC nayo iziwerengera tulo, kuti mawotchi awiri akhale amodzi ndipo chisokonezo chichepe. Ganizolo linali laukhondo. Zosinthazo zinalowa mu Linux 4.17 yoyeserera mu Epulo. Tsono m'makompyuta ambiri a Linux muli pulogalamu yotchedwa systemd, ndipo imodzi mwa ntchito zake ndi ulonda. Mapulogalamu ofunika amayenera kumaonekera kwa mlondayu pafupipafupi, ena pasanathe mphindi 3. Imene yakhala duu kupitirira pamenepo amaiona kuti yauma, amaipha n'kuiyambitsanso. Kale laputopu ikagona ola lathunthu wotchi ya mlonda nayo inkaima, ndiye podzuka panalibe mlandu. Wotchi itayamba kuwerengera tulo, mlonda ankadzuka n'kuona kuti papita ola lonse popanda woonekera, n'kuyamba kupha mapulogalamu abwinobwino. Pofika kumapeto kwa Epulo Gleixner anabweza zosinthazo, Linux 4.17 isanatuluke mu Juni.

Ine ndimalemekeza kubweza kumeneko. M'gulu la Linux muli lamulo lakuti kusintha kulikonse kumene kwaononga mapulogalamu amene ankayenda bwino kwa anthu kuyenera kuchotsedwa, ngakhale kukhale kwanzeru chotani. Ndipo amene anagwira vutoli sanachite zodabwitsa. Anaika kernel yoyeserera, anagoneka makina awo, anawadzutsa, anaona zachilendo, n'kulemba lipoti lomveka.

(Nyimbo yaifupi)

Tsopano kwa inu amisiri a m'mashopu okonza makompyuta, ndi inu ophunzira. Laputopu yodzuka molakwika yafika pa tebulo panu, muyambire pati?

Yambani ndi zotchipa. Zimitsani makina, chotsani chaja, ndi batire lalikulu ngati limachoka, dikirani pang'ono, muyatsenso n'kulowa mu BIOS. Tsiku likabwerera zaka za m'mbuyo, kabatire ka CR2032 katha, sinthani, nkhani yathera pomwepo. M'malaputopu ambiri kamakhala kokutidwa ndi pulasitiki, kali ndi timawaya tiwiri. Ena opyapyala alibe n'komwe, amadalira batire lalikulu, ndiye likafa nthawi nayo imatayika. Onaninso dera la nthawi. Zambia ili patsogolo pa UTC, nthawi yoyendera dziko lonse, ndi maola awiri. Pa Linux sankhani Africa/Lusaka, pa Windows mzere wa Harare, Pretoria umapereka nthawi yathu yomweyi.

Ngati izi zili bwino, musayambe kusintha zinthu mwachisawawa. Ntchito yoyamba ndi kulipangitsa vutolo kuti libwere pamene inu mwafuna. Pa Linux pali lamulo lotchedwa rtcwake. Mukalemba rtcwake -m mem -s 60, makina amagona, ndipo RTC imawadzutsa yokha pakatha masekondi 60. Yerekezani wotchi ya pa sikirini ndi ya foni yanu, musanagoneke ndiponso itadzuka. Yesani tulo tatifupi ndi tatitali, ili pa chaja ndiponso ili pa batire, ndipo zonse muzilemba m'kope. Vuto lobwera pa tulo tatitali tokha likuloza kwina, lobwera pa batire pokha likulozanso kwina.

Kenaka werengani kaundula wa kernel. Lamulo la dmesg limaonetsa zimene kernel yalemba pa sitepe iliyonse ya kugona ndi kudzuka. Funani mizere yokhala ndi mawu akuti clocksource, tsc kapena unstable. Kernel ili ndi njira yodziyesa yokha: imayerekeza TSC ndi wotchi ina ya pa bodi, monga HPET, ndipo zikasiyana kwambiri imalemba kuti TSC njosadalirika n'kusamukira ku inayo. Inunso mutha kuilamula poyatsa makina, powonjezera mawu akuti clocksource=hpet. Vuto likasowa, mwadziwa kumene likukhala. Pa Windows, lamulo la powercfg /a limakuuzani mitundu ya tulo imene makinawo amatha. Nthawi zambiri mankhwala enieni amakhala BIOS yatsopano yochokera kwa opanga laputopuyo. Koma chonde, musaike BIOS yatsopano batire lili lofooka, pa tsiku limene simukudziwa kuti magetsi azima liti. Moto ukathima ntchito ili pakati, bodi ikhoza kufa osadzukanso.

Nanga ija ya sikirini yakuda, yosadzuka n'komwe? Imeneyi ndiyo yovuta, chifukwa makina ouma salemba kanthu pa disiki, ndipo mukawazimitsa mokakamiza zonse za mu RAM zimafufutika. Linux ili ndi zida ziwiri. Choyamba ndi pm_test, chimene chimayeseza tulo mosiyiza panjira: chimaimitsa mapulogalamu okha, kudikira masekondi 5, n'kubwerera. Zikayenda, mumapita pa mlingo wotsatira, woimitsanso zipangizo, kenaka ma core, mpaka mutapeza mlingo umene makina akuumira. Chachiwiri ndi pm_trace, chimene Torvalds mwiniwake anachilemba mu 2006, ndipo nzeru yake imandigometsa. Anafunsa kuti, m'makina onsewa n'chiyani chimene sichiiwala ngakhale tizimitse mokakamiza? Ndi RTC. Choncho kernel ikamadzutsa chipangizo chilichonse, imalemba kachizindikiro kake m'malo a chaka, mwezi, tsiku, ola ndi mphindi a RTC. Makina akauma, inu mumawayatsanso msanga, pasanathe mphindi 3, wotchi isanayende n'kufufuta chizindikirocho. Mu dmesg mumapeza mzere wa Magic number ndi dzina la chipangizo chomaliza chimene kernel inakhudza. Mukatero wotchi yanu ioneka yopenga, mwina chaka china chakutali. Musadandaule, ingoikonzaninso mukamaliza.

Pali njira ina, yofuna kuleza mtima, yothandiza pamene mukudziwa kuti kernel yakale inkadzuka bwino koma yatsopano ikulephera. Linux yatsopano imatuluka pakatha masabata 9 kapena 10, ndipo iliyonse imabwera ndi zosintha zoposa 10,000. Simungaziyese chimodzichimodzi. Chida cha git bisect chimakupatsani kernel ya pakatikati pa yabwino ndi yoipa. Mumaimanga, kugoneka makina, kuwadzutsa, n'kuchiuza kuti iyi ili bwino kapena ayi. Theka la zosintha limachoka pa mlandu. Mukabwereza motero ka 14, pa zosintha 10,000 zija pamatsala chimodzi, chokhala ndi dzina la wolemba ndi tsiku lake. Pa laputopu yakale kumanga kernel kumatenga maola, ndiye ntchitoyi imafuna masiku angapo ndi magetsi okhazikika. Koma siifuna digiri kapena chipangizo chogula.

Kumbukirani mfundo ija, yakuti BIOS ya makina ena imachita zake podzuka. Olemba kernel, monga Rafael Wysocki wa ku Poland amene amayang'anira gawo la kugona ndi kudzuka, sangakhale ndi mtundu uliwonse wa laputopu pa desiki pawo. Makina amene anagulitsidwa ku Ulaya ndi ku America zaka khumi zapitazo, kumeneko ambiri anawasiya. Ali kuno, m'mahositelo a ophunzira, m'masukulu, m'mashopu a m'tauni, ndipo chifukwa cha magetsi athu amagona ndi kudzuka kawirikawiri. Kusintha kwatsopano kukaononga kadzukidwe ka makina oterewa, woyamba kuona ndi ife. Tikangofomata n'kukhala chete, cholakwikacho chimakhalabe mu kernel, chikuvutitsa wina ku Chipata, ku Lilongwe, ku Tete. Lipoti labwino silifuna Chingelezi chapamwamba. Limafuna dzina ndi nambala ya laputopu, nambala ya BIOS, kernel yomaliza imene inkayenda bwino, yoyamba imene yalephera, zimene mumachita kuti vuto libwere, ndi zolemba za dmesg. Mumalitumiza kwa amene anakupatsani Linux yanu, monga Ubuntu, Debian kapena Fedora, kapena ku bugzilla.kernel.org. Akakupemphani kuti muyese kukonza kwawo, yesani ndipo muwayankhe, pakuti malipoti ambiri amafera pamenepo, wotumiza atasowa. Inu aphunzitsi a m'mayunivesite athu awiri, wophunzira wa chaka chomaliza akamasowa mutu wa kafukufuku, nawu: laputopu imodzi yodzuka molakwika, aitsate mpaka pa mzere wolakwa.

(Nyimbo yaifupi)

Nthawi yatsala pang'ono, tiyankhe mafunso amene amabwera kawirikawiri.

Bambo wina akuti laputopu yawo ili ndi Windows ndi Linux pamodzi, ndipo akachoka ku Linux kupita ku Windows, wotchi imatsalira ndi maola awiri ndendende. Bambo, makina anu alibe vuto. Linux imalemba nthawi ya UTC mu RTC, pamene Windows imayembekeza kupezamo nthawi ya kwathu kuno, ndipo kusiyana kwake ndi maola awiri aja. Muzigwirizanitse. Njira yachidule ndi kulemba timedatectl set-local-rtc 1 ku Linux. Kuno kwathu sitisintha mawotchi pa nyengo ya chilimwe monga amachitira ku Ulaya, ndiye njirayi siivuta kwenikweni.

Mayi wina akufunsa kuti, ngati pulosesa ya foni imagona, alamu ya 05:00 imalira bwanji? Mayi, foni isanagone, kernel imayang'ana ma timer onse amene ali ndi chilolezo chodzutsa makina, imatenga woyandikira kwambiri, n'kutchera wotchi yosagona ija kuti idzutse pulosesa nthawiyo ikakwana. Ma timer wamba amadikira mpaka foni itadzuka pa chifukwa china. N'chifukwa chake pulogalamu ina yokumbutsa kumwa mankhwala imatha kuchedwa pamene alamu ya foni yeniyeni siichedwa: wolemba pulogalamuyo anasankha timer wamba, kapena foni ikuiletsa kudzutsa makina pofuna kusunga batire. Pa zinthu zofunika ngati mankhwala, gwiritsani ntchito alamu imene inabwera ndi foni.

Lomaliza ndi la wophunzira amene akuti amatseka laputopu madzulo, ndipo m'mawa amapeza yazimiratu, zimene ankalemba zapita. Mng'ono wanga, mu tulo ta S3 RAM ikudyabe moto. Batire lakale likatha usiku, zonse zimene sunasunge pa disiki zimapita nalo. Uzisunga ntchito yako usanatseke, ndipo ngati magetsi sabwera msanga, sankha Hibernate, tulo ta S4 tija, timene sitidya batire.

Pulogalamu yathu yathera pano. Sabata yamawa tidzakamba za mabatire a laputopu, chimene chimawakalambitsa msanga ndi momwe mungayezere mphamvu imene yatsala.

(Nyimbo yotsekera)